Asiyeni athamange atavala madiresi ofiira

Mwezi wa Ogasiti uliwonse, mu mzinda wa New Orleans ku America, anthu masauzande amadzaza misewu atavala madiresi ofiira. Akazi alipo ambiri, koma okopa maso ndi amuna: bambo wa ndevu zotuwa, mimba ili patsogolo, diresi litamuthina m'mapewa, miyendo yaubweya ili pamtunda, kumapazi nsapato zothamangira. Wina wawonjezera wigi, wina mikanda, wina kachikwama ka m'manja. Dzuwa la kumeneko nyengo imeneyo si lamasewera, moti pofika pakati pa ulendo utoto wa pamilomo umakhala utasungunukira m'ndevu. Mwambowu amautcha Red Dress Run, ndipo eni ake ndi gulu la othamanga lotchedwa Hash House Harriers.

Munthu wa kwathu akaona zithunzi zimenezi pa foni, mawu ake oyamba timawadziwa: "Koma azungu apenga." Wina amati n'kusowa chochita, wina amati n'kudzivula ulemu. Ine sindikuvomereza. Zovala zoseketsa za makalabu othamanga zikugwira ntchito imene nsapato zodula ndi mawotchi owerenga kugunda kwa mtima zalephera. Zimachotsa manyazi mwa munthu woyenda pang'onopang'ono, zimatsitsa bwana pampando wake kwa maola awiri, ndipo zimachititsa kuti munthu amene sakanayerekeza n'komwe kuthamanga abwerenso sabata yamawa. Zoipa zake zilipo, ndipo ndizinena mosapsatira. Koma tiyambe taona kumene zinachokera.

Gulu limeneli linabadwira ku Kuala Lumpur, m'dziko lomwe lero ndi Malaysia, kumapeto kwa 1938. Analiyambitsa ndi Angerezi ochepa amene ankagwira ntchito kumeneko nthawi ya atsamunda. Wokumbukika kwambiri ndi Albert Gispert, katswiri wowerengera ndalama, pamodzi ndi anzake monga Cecil Lee, Frederick Thomson ndi Ronald Bennett. Ankakumana Lolemba madzulo. Dzina la gulu analitenga ku nyumba ya Selangor Club, imene ankaitcha Hash House, kumene ena mwa iwo ankagona ndi kudya. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawabalalitsa, ndipo Gispert anaphedwa ku Singapore mu Febuluwale 1942 pamene asilikali a Japan ankalanda mzindawo. Otsala anadzutsanso gululo nkhondo itatha. Mu 1950, polembetsa kalabu yawo ku boma, analemba zolinga zinayi: kulimbitsa matupi a mamembala, kuthetsa matsire a kumathero a sabata, kupeza ludzu labwino n'kulipha ndi mowa, komanso kutsimikizira mamembala achikulire kuti sanakalambe monga mmene akudzimvera. Mu 1962 Ian Cumming anatsegula gulu lina ku Singapore, ndipo kuchokera pamenepo linafalikira mpaka lero magulu ake apitirira 1,000 pa dziko lonse. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka nakonso akhala akuthamanga.

Anthu amakonda kuseka cholinga chachiwiri ndi chachitatu. Chondigwira mtima ine ndi chachinayi chija, chokhudza okalamba. Kalabu yothamanga imene yalemba m'malamulo ake kuti ikufuna nkhalamba isadzione ngati yatha ndi kalabu imene yasankhiratu kuti liwiro si mfumu. Ndipo kathamangidwe kawo anakakonza motsatira chisankho chimenechi.

Zimayenda chonchi. Munthu mmodzi kapena awiri, otchedwa akalulu, amatsogola ndi thumba la ufa, choko kapena timapepala, n'kumasiya zizindikiro m'njira. Ena onse ndi agalu osaka. Kalulu amadutsa m'tchire, kuwoloka ngalande, kukwera chitunda popanda chifukwa. Pamphambano amajambula kabwalo pansi, kutanthauza kuti apa njira yasowa, ifunefuneni. Othamanga kwambiri, amene amafika poyamba, ndiwo amabalalika kukasaka, wina kumanja wina kumanzere, ndipo ambiri amatsata njira zabodza zimene kalulu watchera dala. Akamabwerera ali wefuwefu, amapeza agogo ndi amayi oyenda wapansi aja afika kale pamphambano, akupuma. Wina akapeza njira yeniyeni amakuwa kuti "On-on!" ndipo onse amanyamukira limodzi. Wa liwiro amathamanga mtunda wautali, wochedwa amathamanga waufupi, koma pamathero amafika pafupifupi nthawi imodzi. Palibe mendulo. Amene wabwera ndi mtima wofuna kupambana amakalandira chilango pabwalo.

Bwalo limenelo ndilo khoti lawo. Akamaliza kuthamanga amaima mozungulira, amaimba, ndipo amaitanira pakati aliyense amene "walakwa" kuti agugude kapu yonse kamodzi. Akalephera, chotsalacho amadzithira pamutu. Milandu yake yambiri ndi ya zovala. Wabwera ndi nsapato zatsopano zonyezimira? Vula imodzi, akuthirire chakumwa momwemo, umwe. Wavala malaya amene unalandira pa mpikisano weniweni, osonyeza kuti unamaliza makilomita 42? Lowa pakati, ukudzionetsera. Wavala chipewa m'bwalo? Ndi mlandu. Munthu akathamanga nawo kangapo amam'patsa dzina lachipongwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la pa chitupa ndi udindo wa ku ofesi zimatsala m'galimoto. Kazembe, makaniko ndi mphunzitsi amaitanana ndi mayina omwewo.

Taonani mbali imene malamulo onsewa akuloza. Chilichonse chimene chingasonyeze kuti uyu ndi wolemera kapena waluso kuposa anzake amachisandutsa choseketsa. Diresi lofiira linadzafika pa nthaka yolimidwa kale.

Nkhani imene a Hash amasimba ndi yakuti mu 1987 mtsikana wina anatsika ndege kumwera kwa California atavala diresi lofiira ndi nsapato za gogoda, kudzacheza ndi mnzake wakale wa kusukulu. Mnzakeyo anapita naye kumene gulu la Long Beach linkathamanga. Wina atamuona mmene wavalira anamuuza kuti angodikira m'galimoto mpaka amuna abwerere. Mtsikanayo anakana, analowa m'njira momwemo ndi diresi lake, n'kuthamanga. Chaka chotsatira, mu Ogasiti 1988, gulu la San Diego linakonza ulendo wokumbukira zimenezi, onse atavala madiresi ofiira, ndipo anamuitana. Pempho lake linali lakuti mwambowu uzisonkhanitsa ndalama zothandizira anthu ovutika a m'deralo. Mayiyu, amene amangomutcha Lady in Red, anamwalira mu 2013. Pofika nthawi imeneyo mwambo wake unali utafika m'mayiko ambiri, ndipo pofika lero gulu la New Orleans lokha lapereka madola oposa 2 miliyoni ku mabungwe a mumzindawo. Ngakhale pa Interhash, msonkhano waukulu wa magulu a Hash a pa dziko lonse, umene unayamba ku Hong Kong mu 1978 ndipo umachitika zaka ziwiri zilizonse, ulendo wa madiresi ofiira wasanduka wosaphonya.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. N'chiyani chimaletsa munthu wamkulu kuthamanga? Timakonda kunena kuti ndi nthawi, kapena maondo. Koma funsani mofatsa bambo wa zaka 50 amene adokotala amuuza kuti BP yakwera ndipo shuga wayamba kusuzumira. Nsapato anagula, zili pansi pa bedi. Chomugwira mwendo ndi maso a anthu. Iye ndi mkulu wa mpingo, kapena ndi bwana wa anthu makumi atatu, kapena ndi apongozi a winawake. Aoneke ali mu kabudula, mimba ikugwedezeka, thukuta lili kamukamu, ana a sukulu akumupitirira n'kumaseka? Mayi wa thupi lalikulu ndiye zake n'zoposa apa, chifukwa pa iye pamagwanso ndemanga za akabaza ndi anyamata okhala pa mlatho. Manyazi aletsa anthu ambiri kuthamanga kuposa nyamakazi.

Njira imene makalabu amakono apeza ndi yoti munthu abise manyaziwo m'zovala zaukatswiri. Vala juzi yowala, nsapato za kaboni wopepuka mkati, wotchi yolumikizana ndi setilaiti, kenako ika zotsatira zako pa Strava, pulogalamu ya pa foni ya othamanga, anzako aone. Nsapato ya Nike yotchedwa Vaporfly itatuluka mu 2017 inkagulidwa madola 250, ndipo makampani ena onse anatsatira. Sindikunyoza, kwa wothamanga wofuna kuphwanya nthawi yake, zida zimenezi zimathandiza. Koma tisadzinamize kuti izi si zovala zodzionetsera. Nazonso zimalankhula, ndipo zimene zikunena ndi zakuti ine ndine wodziwa, ndine wa ndalama, ndiyeseni ndi masekondi. Munthu wochedwa akavala zimenezi manyazi ake amawirikiza, chifukwa zovala zalonjeza liwiro limene miyendo ilibe. Ndipo amene alibe ndalama yogulira amaona gululo likudutsa n'kudziwiratu kuti si lake.

Diresi lofiira limagwira mwanjira ina. Silibisa manyazi, limawagawira aliyense mofanana. Pamene woweruza milandu ali mu diresi long'ambika m'khwapa, ndani ayang'ane mimba ya kalaliki? Pamene mnyamata wa liwiro akupunthwa ndi mpendero wa siketi, kuchedwa kwa agogo sikuonekanso. Aliyense wavomera kusekedwa asananyamuke, choncho palibe amene angasekedwe payekha. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Munthu amene sadzapambana mpikisano uliwonse m'moyo wake atha kukhala amene aliyense akumuombera m'manja chifukwa cha chipewa chimene wasoka yekha usiku. Kalabu yamupatsa njira ina yokhalira wofunika.

Ndipo mtengo wake ndi wotsika. Diresi lofiira la size yaikulu limapezeka pa mulu wa kaunjika. Ulitenge, ulikweze m'mwamba kuyeza ndi mapewa, telala adule m'munsi kuti bondo liziyenda, basi wakonzeka. Likakhala loipa, lamaluwa akuluakulu ndi mapewa otukuka a zaka za m'ma 1980, ndiye labwino koposa. Ndi malo ochepa m'moyo wa masiku ano kumene chovala chotchipa chimaposa chodula.

Mzimu umenewu sunathere mu Hash mokha. Ku San Francisco kuli mpikisano wa makilomita 12 wotchedwa Bay to Breakers, umene unayamba mu 1912 pofuna kutsitsimula mitima ya anthu pambuyo pa chivomerezi cha 1906. Mu 1986 unakopa anthu pafupifupi 110,000. Kumeneko kuli magulu a anthu 13 omangidwa pa chingwe chimodzi, otchedwa anankalizi, ndipo kuli ena ovala ngati nsomba za salmon amene amayambira kumathero n'kumathamanga mobwerera, kulimbana ndi khamu lonse, monga nsombazo zimachitira pokwera mtsinje. Ku France, Marathon du Médoc yakhala ikudutsa m'minda ya mphesa kuyambira 1985. Okonza amalengeza mutu wa zovala wa chakacho, ndipo m'njira othamanga amalawa vinyo, tchizi ndi nyama. Ku Liverpool, mu Disembala, anthu amathamanga atavala ngati Father Christmas, koma otsatira timu ya Everton, amene chofiira sachifuna pathupi, amavala masuti abuluu. Wa Nyerere za ku Lali Lubani angamvetse bwino zimenezo.

Ku London Marathon, imene inayamba mu 1981, chovala choseketsa chinapeza ntchito ina yolemera. Kuyambira 1992 bungwe la Save the Rhino limatumiza anthu ovala chifanizo cha chipembere, cholemera pafupifupi makilogalamu 10, chotentha mkati, choonera pa kabowo. Mu 2002 Lloyd Scott, munthu amene anachira khansa ya m'magazi, anayenda mtunda wonsewo atavala suti yakale yolowera pansi pa nyanja, ya chipewa chachitsulo ndi jombo za mtovu, ndipo zinamutengera masiku asanu ndi maola asanu ndi atatu. Anthu amapereka ndalama kwa wotere chifukwa akuona ndi maso kuti wavutikira chimene akupemphacho. Mwa anthu zikwizikwi ovala makabudula ofanana, kamera imatsata chipembere.

Pali zovala zina za othamanga zimene si zoseketsa, ndipo ndimazilemekeza. Pa Comrades Marathon ya ku South Africa, ya makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, imene Vic Clapham anayambitsa mu 1921, munthu akamaliza kakhumi amapatsidwa nambala yobiriwira imene imakhala yake mpaka kalekale. Imeneyo ndi ya thukuta. Koma nambala yobiriwira imasiyanitsa ochepa pakati pa ambiri, pomwe diresi lofiira limasakaniza onse. Mtundu wa anthu umafuna zonse ziwiri, ndipo masiku ano tili ndi zambiri za mtundu woyamba.

Amene akuti zoterezi n'zachilendo kwa ife ayang'anenso malipenga a ku Nkhata Bay, mganda wa ku Dowa ndi beni wa ku Mangochi. Magule amenewa anakula pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna atabwerera kuchokera ku usilikali ndi ku utengatenga. Anthu a m'mudzi anavala makabudula oyera, masokosi ofika m'maondo, matayi ndi zipewa, n'kumaguba moyerekeza perete wa asilikali, malipenga awo ali a zikho. Gulu la malipenga limatchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake, kapitawo wake, dokotala ndi namwino wake. Msodzi amakhala mfumu Loweruka, Lolemba n'kubwerera ku bwato. A Hash nawo ali ndi maudindo awo oseketsa, wina mkulu wa gulu, wina "mlangizi wa zauzimu" amene amadzudzulidwa mvula ikagwa, ndipo komiti yawo amaitcha yosokoneza zinthu. Kusiyana kulipo ndithu: ku Kuala Lumpur anali olamulira amene ankavula ukulu wawo kwa kanthawi, pomwe ku nyanja kwathu anali olamulidwa amene ankavala ukulu wa eni mfuti n'kuusewera. Koma nzeru yakuti gulu la anthu olimbitsa thupi limodzi limamangika ndi chovala, nyimbo ndi maudindo ongopeka, agogo athu ankaidziwa bwino lomwe.

Tsopano zoipa zija.

Choyamba, ndipo chachikulu, ndi funso limene amayi ali ndi ufulu wofunsa: n'chifukwa chiyani mwamuna kuvala chovala cha mkazi kukhale koseketsa? Ngati nthabwala yonse yagona pa maganizo akuti chachikazi n'chotsika, ndiye kuti nthabwalayo ndi yonyoza. Funsoli silopepuka, makamaka tikakumbukira kuti Hash inayamba ngati kalabu ya amuna okhaokha ndipo magulu ena akali choncho mpaka lero. Kwathu kuno ndiye likupweteka kwambiri. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka nyengo ya kusintha kwa ndale ya 1993 ndi 1994. Mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mathalauza, mpaka amayi anzawo anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo. M'dziko limene mkazi anachitidwapo chipongwe chifukwa chovala buluku, mwamuna sangavale diresi n'kumati ndi masewera chabe osaganizira kuti ufulu umene iye akusewera nawo mnzake anaulipirira ndi misozi.

Yankho langa ndi lakuti tiyang'ane amene akusekedwa. Mwambowu unayamba ndi mkazi amene anauzidwa kuti akhale m'galimoto n'kukana. Amuna amene anavala madiresi chaka chotsatira ankamupatsa ulemu, ndipo ankadzitsitsa okha. Pamene mwambo ukusungidwa bwino, chosekedwa ndi bamboyo, ndevu zake, kulephera kwake kuyenda mu chovala chimene mkazi wake amayenda nacho tsiku lonse atabereka mwana. Koma malire ake ndi opyapyala. Akayamba kuika mabaluni pachifuwa, kutsanzira mawu ndi mayendedwe a akazi mowanyoza, kugwiragwira anzawo poti lero n'kusewera, pamenepo chasanduka china. Mulingo wake ndi wosavuta: kodi akazi a m'kalabumo amabweranso? Kodi amatsogolera bwalo, amatchera njira, amagwira thumba la ndalama? Kalabu imene amuna ake amavala madiresi kamodzi pachaka koma akazi ake sakhalitsa, diresilo silikuitchinjiriza ku mlandu.

Chachiwiri ndi mowa ndi mayina. A Hash amadzitcha okha gulu la akumwa limene lili ndi vuto lothamanga, ndipo amanyadira mawuwo. Mayina ambiri amene amapatsana ndi otukwana, nyimbo zambiri za pabwalo sungaimbe pamaso pa apongozi. Magulu ambiri amalola wosamwa kugugudiza madzi kapena chakumwa chozizira, ndipo kuli magulu a mabanja kumene ana amathamanga nawo ndipo pakamwa pamasungidwa. Koma kulinso kumene munthu watsopano amakakamizidwa, akakana n'kumuti alibe nthabwala. Apa ndiima nji. Mphamvu yonse ya chovala choseketsa ili m'kuvomera. Munthu akasankha yekha kusekedwa, wamasuka. Akamukakamiza, amuchita zomwe timazidziwa za m'masukulu ogonera, zozunza ana a fomu 1, ndipo zilibe kanthu kuti ozunzawo akumwetulira. Msilamu, mkhristu wosamwa, munthu amene akulimbana ndi uchidakwa, mayi amene sakufuna dzina lotukwana: onsewa akathawa, kalabu yaphwanya cholinga chake chachinayi chija ndi manja ake.

Chachitatu ndi msewu umene mukudutsa. Othamanga ovala zoseketsa amaiwala msanga kuti si onse ali nawo m'masewerawo. Mu Ogasiti 2007, mu mzinda wa New Haven ku America, akalulu awiri anawaza ufa pamalo oimika magalimoto a sitolo yaikulu ya mipando. Anthu, akukumbukira makalata a ufa wa poizoni a 2001, anaitana apolisi, sitolo inatsekedwa, ndipo awiriwo anatsekulidwa mlandu. Kumeneko ufa unaoneka ngati chida. Kuno uoneka ngati chakudya. Kuwaza ufa pansi m'mwezi wa Febuluwale, kudutsa pakhomo pamene mphika sunakhale pamoto chidzulo, ndi chipongwe ngakhale wowazayo asakudziwa. Utuchi ulipo kwa akalipentala, laimu alipo, phulusa lilipo. Chimodzimodzi njira: tchire limene kalulu akuliona ngati lopanda mwini ndi munda wa munthu, ndipo nkhalango yokongola ija mwina ndi manda kapena dambwe. Khamu la anthu a m'tauni ovala mawigi likatulukira pa maliro likukuwa, palibe ndalama ya chithandizo imene ingafafanize zimenezo.

Ndiwonjezere chimodzi pamenepa, chifukwa ndi msampha woonekeratu kwa kalabu iliyonse imene ingafune kupatsa mwambowu nkhope ya kwathu. Gule wamkulu si chovala cha phwando. Chigoba cha nyau chili ndi eni, chili ndi malamulo, ndipo UNESCO inazindikira guleyu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse chifukwa cha kulemera kwake komweko. Amene akufuna kuthamanga mu zachikuda ali ndi zambiri zoti asankhe: yunifolomu ya sukulu ya pulayimale, ovololo ya makaniko, suti ya mkwati ndi velo la mkwatibwi, chitenje cha mtundu umodzi. Za kudambwe zisiyidwe kudambwe.

Chomaliza ndi kukula. Mwambo ukatchuka, umakopa anthu amene akufuna diresi ndi mowa koma kuthamanga ndi kupereka ayi. Ku New Orleans okonza amadandaula chaka ndi chaka za khamu lovala zofiira limene limadzaza mabala osalembetsa, choncho osaponya kalikonse m'thumba la chithandizo. Ku San Francisco, mu 2009, okonza Bay to Breakers analengeza zoletsa mowa ndi zingolo zokongoletsedwa chifukwa cha zinyalala ndi anthu okodza m'makomo a eni, ndipo mkangano wake unali waukulu. Ndimamvera chisoni mbali zonse ziwiri, koma eni makomo ndiwo anali ndi mfundo. Zoterezi zimandichititsa kukhulupirira kuti mwambo wa zovala umakhala wathanzi pamene uli waung'ono, wa anthu makumi angapo odziwana mayina, amene Lolemba lotsatira adzakumananso mu zovala wamba n'kufunsana za bondo lija. Chovala chimagwira ntchito chifukwa pali ubale woti chiumange. Pakakhala palibe ubale, chimangokhala chithunzi cha pa Facebook.

Ndi zonsezi ndikadali kumbali ya diresi. Zoipa zimene ndatchulazi n'zochizika popanda kupha mwambo, pomwe vuto limene mwambowu umachiza, la anthu oopa kuoneka akuthamanga, silinapeze mankhwala ena abwino. Magulu othamanga akuchuluka m'mizinda yathu, m'mawa wa Loweruka mumawaona m'mbali mwa misewu, ndipo n'zosangalatsa. Koma tayang'anani amene ali kumbuyo kwenikweni kwa mzere, ndipo mudzayang'anenso pakatha mwezi ngati akadalipo. Kalabu imene ikufuna kumusunga munthu ameneyo iyese tsiku limodzi pachaka lopanda mawotchi, la chovala chimodzi chotchipa chimene onse agwirizana. Tcheyamani ndiye ayambe kuvala, chifukwa akazemba iye ena onse adzazemba. Pakhale thumba la zovala zapadera la amene sanapeze, ndipo wokana kuvala athamange nawo popanda womunena. Akalulu akadutse kwa amfumu a dera limene njira ikupita tsiku lisanafike. Ndalama zosonkhedwa zipite pafupi, ku chipatala chaching'ono kapena sukulu imene mwaidutsa mukuthamanga, ndipo msungichuma aziwerenge mokweza pabwalo, onse akumva, asanavule diresi lake.